Amene Anakwera Ndege ya Ambuya a Zuze

Lachisanu, kumapeto kwa Okotobala

Ndadzuka ndi nseru. Poyamba ndimayesa ndi kutentha, chifukwa kuno ku Ngabu mwezi uno mphasa imakhala yofunda ngakhale m'mawa. Nditatuluka panja ndapeza kuti ndi fungo. Apha Pasinjala, nkhunzi yakale ya ambuya, ndipo aiphera kumapeto kwa bwalo la ndege, kufupi ndi zenera la chipinda chimene ndinagona. Zam'mimba mwake azikhuthulira pansi pomwepo. Ntchentche zobiriwira zinafika anthu asanamalize n'komwe kusenda chikopa, ndipo agalu akukokerana ndowe ngati nyama. Tiyi sindinamwe.

Mawa ndi tsiku lovundukula chiliza cha ambuya a Zuze, bambo wa bambo anga, amene anamwalira chaka chatha nthawi ngati yomwe ino. Anandiitanitsa kusukulu kuti ndidzawerenge mbiri yawo pamaso pa anthu, akuti ndine amene ndimawerenga osajejema. Mbiriyo alemba ndi bambo aakulu a Jofesi, mwana woyamba wa malemu. Zambiri zimene alembamo n'zoona: kuti makolo awo anachokera kutsidya ku Mozambique, kuti anayamba ndi kugula thonje pansi pa mtengo, kuti anadzakhala ndi ng'ombe kuno ndi ku Ndamera, kuti anagula ndege. Koma pakati pali chiganizo ichi: "Pa nthawi ya madzi osefukira, malemu anaika moyo wawo pachiswe, nauluka kupita ku Ndamera, napulumutsa mwana." Bambo aakulu akufuna kuti ndikafika pamenepo, Marita aimirire pambali pa chiliza kuti anthu amuone.

Marita ndi mtsikana wa msinkhu wanga amene amakhala ndi ambuya aakazi, a Lozaria. Samva bwino. Ndipo sanakwerepo ndege chibadwire.

Ambuya a Zuze anali munthu wa sikelo. Ukawapatsa nkhuku, asanathokoze ankayamba aigwira miyendo n'kuikweza m'mwamba kuti amve kulemera kwake. Mwana akabwera kudzawapatsa moni ankamunyamula m'khwapa, osati momusangalatsa, n'kumutsitsa akupukusa mutu kapena kuvomera. Ankakonda kunena kuti munthu amanama, diso limanama, koma muvi wa sikelo sudziwa mbale. Pa nthambi ya msangu, pambali pa bwalo lawo la ndege, panapachikidwa sikelo ya thonje, ya ngowe ija, ndipo ina yonga yomweyo inali pa msangu wina ku Ndamera. Aliyense wofuna kukwera ndege yawo ankayenera kulowa m'saka, saka n'kulikoleka pa ngowe, iye n'kumalendewera ngati thonje la kalasi yachiwiri anthu akuonerera. Saka lake linali limodzi lomwelo limene ankayezera mbuzi, nsomba zouma ndi feteleza. Sanalichapepo.

Muvi ukapitirira pamene iwo ankafuna ankangoti, "Mwalemera." Kenako ankaseka okha, chifukwa nthabwala yawo inali yomweyo zaka zonse: kuti padziko aliyense amapempherera kulemera, koma ndege yawo imanyamula amphawi okhaokha.

Abusa ena a mpingo wathu anapirira manyazi a saka lija chifukwa ankafuna kukafika ku Ndamera msewu utaduka. Anakwanira. Koma ndegeyo mipando yake inali iwiri, woyendetsa kutsogolo, wokwera kumbuyo, ndipo ambuya ankauluka ali ndi fodya wopera pansi pa mlomo. Chitini cholavuliramo anali atachiiwala tsiku limenelo, ndiye anatsegula kazenera n'kulavulira kunja. Mphepo inabweza malovuwo. Abusa anatsika ku Ndamera kolala yawo ili yofiirira, ndipo pobwerera anasankha bwato ndi kabaza. Ambuya sanapepese. Ankati amene wakhala kumbuyo azidziwa kuti wakhala kumbuyo.

Ine ndegeyo ndinaiona ikuuluka ndili wamng'ono kwambiri. Zimene ndimakumbukira bwino ndi zaka zomaliza, itasanduka mafupa. Mapiko ake sanali a malata ngati mmene anthu amaganizira. Anali timapaipi tokutidwa ndi nsalu yokokedwa zolimba, yopakidwa mankhwala, moti ukaigogoda inkalira ngati ng'oma. Chaka china akuba anayamba kumapopa petulo m'thanki, ndipo ambuya anaganiza monga aganizira munthu aliyense wa kuno: chinthu chamtengo wapatali chimagona m'khola, pamene pali agalu ndi abusa a ng'ombe. Anaikankhira m'khola. Sanadziwe kuti ng'ombe zimakonda kukoma kwa mankhwala a pansaluyo. Kutacha, phiko lakumanzere linali nsanza zonyowa ndi dovu, ndipo amene ankatafunabe chidutswa chachikulu, maso ali gwa, anali Pasinjala. Ambuya anachotsa ntchito mbusa wa ng'ombe, anamenya galu, koma Pasinjala sanamukhudze. Kuyambira pamenepo ndege sinanyamukenso. Mpaka matenda a shuga atawagoneka ankanenabe kuti nsalu yatsopano ikubwera kuchokera ku Joni.

Pamene ankagula ndegeyo, akuti anthu anaseka. Mwini wake anali mzungu wina wa kuminda ya nzimbe amene ankabwerera kwawo. Ambuya anali atatopa ndi msewu wa ku Ndamera, umene mvula ikagwa unkawasiyanitsa ndi ng'ombe zawo kwa milungu, iwo ali kuno kuganiza kuti abusa akuwabera ana a ng'ombe. Polipira ndegeyo anatulutsa m'khola ng'ombe zambiri moti ambuya a Lozaria anakana kuwaphikira sabata yonse. Ndegeyo inafika pa lole, mapiko atamasulidwa n'kumangidwa m'mbali, ndipo amalonda a pamsika ankafunsa ngati a Zuze agula chiwala chothyoka miyendo. Ambuya anangomanga katundu wawo. Anapita ku Joni nyengo yathunthu, imvi zili kale m'mutu, kukakhala m'kalasi ndi anyamata, mpaka anabwera ndi chiphaso. Chingerezi chawo chinali cha pamsika, koma mawu onse oyankhulira pa wayilesi ya ndege anawaloweza ngati katekisimu.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale mtima sukufuna. Kuuluka ankadziwa. Asananyamuke ankayenda wapansi bwalo lonse, akuponda pofewa, akugumula tizulu tachiswe ndi chidendene. Petulo ankamusefa pa chipewa chawo chaubweya, kenako n'kuthira pang'ono m'botolo loyera kuti aone ngati mulibe madzi. Mphepo ankaiwerenga pa mwendo wa buluku lakale umene anaumangirira pa nsungwi. Ankatera pa kamtunda kamene munthu sangaseweretsepo mpira. Chaka chino m'kalasi tinaphunzira za kulemera ndi mphamvu yonyamula, ndipo ndinaona kuti za sikelo zija sizinali misala. Ndege yaing'ono ikalemera, pansi pali ponyowa, sinyamuka. Imathamanga mpaka kukagunda chimene chili kutsogolo. Ndinakhumudwa nditazindikira kuti pa chimenechi analondola.

Ndi amayi a m'mudzi muno sankamvana. Bwalo la ndege linali malo osalala ndi oyera kuposa pena paliponse, ndipo mayi wa kuno akaona malo otero amaona poyanika. Ambuya akangonyamuka, amayi ankabwera ndi mapira, mchewere ndi mphale n'kuyala. Pobwerera iwo ankazungulira m'mwamba akutukwana m'Chisena, mawu osamveka chifukwa cha injini, amayi pansi akuthamanga ndi mikeka. Tsiku lina anangotsika mpaka pafupi ndi pansi n'kudutsa, mphepo ya ndege n'kumwaza mapira a mayi wina wamasiye m'tchire lonse. Mayiyo atabwera akulira, anamuuza kuti akatole, mbewu sizithawa. Pambuyo pake anadzala khonje kuzungulira bwalo lonse, ndipo palibe amene ankaloledwa kudumpha.

Khonje limenelo lili ndi mbali yake pa nkhani ya mwana.

Nkhaniyi pakhomo pano si chinsinsi. Bambo anga akuidziwa, bambo aakulu akuidziwa, ndipo ambuya a Lozaria ukawafunsa amaifotokoza mosakweza mawu, ngati akukulozera njira ya kuchigayo.

Chaka chimenecho ambuya aakaziwo anali ku Ndamera kuyang'anira opalira. Mvula inagwa masiku otsatizana, madzi a m'dambo n'kuyamba kukwera. Mbusa wa ng'ombe za kumeneko, bambo ake a Marita, anakusa ng'ombe zonse kupita nazo kumapiri. Anasiya zinthu ziwiri zimene sizikanatha kuyenda: mwana wake Marita, amene mayi ake anali atamwalira kale ndipo thupi linali litatentha ndi malungo, ndi kathole kongobadwa kumene. Katholeko sikanali ka ng'ombe wamba. Kanali ka mtundu wa makutu ogwa ndi linunda lalikulu, umene ambuya anauvutikira kuupeza.

Ndege inafika madzi atadya kale theka la bwalo. Ambuya a Zuze anatsika, anayenda pamene panatsalapo, nsapato zikumira m'matope, n'kubwerera pa msangu.

"Lozaria, lowa m'saka."

"Abambo a Jofesi, madzi ali apa, inu mukuti saka?"

"Lowa."

Analowa. Muvi unazungulira.

"Walemera."

"Ndalemera liti ine, wa chitenje chimodzi?" Ambuya aakazi amati anayankha choncho kuti asalire. Kenako anati, "Ndikuona ndekha kuti pansi pafewa. Ine ndisiyeni. Tengani mwanayu, akafike kuchipatala."

Ambuya a Zuze anatembenukira ku sikelo. Anatenga kathole, anakaika m'saka, anayang'ana muvi. Anakatulutsa, n'kuikamo Marita. Anayang'ananso muvi, nthawi yaitali.

"Kusiyana kwake kunali kotani?" ndinawafunsa ambuya aakazi tsiku lina.

"Dzungu laling'ono. Mwinanso losafika dzungu."

Amuna awo anatsitsa Marita, anamugoneka pa mkeka, n'kuyamba kumanga miyendo ya kathole.

"Nkhabe, abambo a Jofesi. Ayi. Uyu ndi munthu."

"Wopepuka ndi uyu. Ndibweranso."

Anakakulunga m'bulangete limene linali lofunda Marita, chifukwa kankanjenjemera, n'kukamangirira pa mpando wakumbuyo. Ndege inathamanga ikumwaza matope, inanyamuka matayala atakhudza kale madzi, n'kulowera kumpoto.

Kubwera anabweradi m'mawa mwake. Bwalo lonse linali nyanja. Anazungulira kangapo, anaponya thumba la ufa limene linagwera m'madzi n'kuphulika, kenako anabwerera. Ambuya a Lozaria anakhala pa chulu ndi Marita masiku angapo, akudya nyika, timizu ta maluwa a m'dambo, zimene ankazula m'madzi, mpaka asodzi ena anawapeza ndi bwato. Pofika kuchipatala, m'makutu mwa Marita munkatuluka mafinya. Moyo anachira. Makutu sanabwerere.

Tsopano kuno ku Ngabu. Tsiku loyamba lija ndege itatera, anthu anali atadzaza kuseri kwa khonje monga mwa masiku onse, koma palibe anayandikira. Anaona a Zuze akutsika atafungata chinthu chokulungidwa m'bulangete, chikutakataka. Sanaone kuti kathole kanatsegula m'mimba ndi mantha ulendo wonse, kuti ndowe zinali pa mpando, pa zingwe, pa malaya awo mpaka m'khosi. Mayi wina wa mvano anafuula ali kutali, kufunsa ngati apulumutsa anthu.

"Mwana mmodzi yekha," iwo anayankha. "Enawo ngolemera."

Munthu woweta ng'ombe akati mwana, mnzake woweta ng'ombe amafunsa kuti wa ng'ombe iti. Mayi wa mvano akamva mwana, amagwada n'kuthokoza Mulungu. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika paguwa. Ndipo ambuya a Lozaria atabwera kuchokera kuchipatala, atabereka kamtsikana kowonda, anthu analumikiza okha: uyu ndiye mwana uja, a Zuze anathamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Bambo ake a Marita sanatsutse. Anaoloka kubwerera kwawo ku Mozambique chaka chomwecho, mwana n'kutsala kuno.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti ambuya a Zuze sananame ndi pakamwa pawo ngakhale kamodzi. Munthu akawayamikira ankangoti, "Inde, ndinapulumutsa mwana," n'kumamuyang'ana m'maso, fodya akuyenda pansi pa mlomo. Anawapatsa mpando wa kutsogolo kutchalitchi, anakhalapo. Amayi akamasisita mutu wa Marita pakhomo la tchalitchi, iwo ankaima pambali manja ali kumbuyo. Ndipo kathole kaja anakatcha Pasinjala, dzina limene ankaliitana mokweza madzulo aliwonse, pabwalo pomwe Marita ankasesa. Mpando wakumbuyo wa ndege sunasiye kununkha. Aliyense amene anakwera pambuyo pake ankatsika atagwira mphuno, osadziwa kuti wakhala pa umboni.

Lero chakum'mawa ndinapita kwa bambo aakulu. Ndinawapeza pansi pa msangu akugawa nyama ya Pasinjala, ya mpingo payokha, ya akuchikazi payokha, akuyeza pa sikelo yomwe ija. Ndinagwada chapatali.

"Bambo aakulu, pali chiganizo china m'mbiri muja."

"Chichewa chake chalakwika?"

"Ayi. Koma Marita sanakwere ndege."

"Ndalemba kuti Marita anakwera? Kawerengenso bwino, iwe wa sekondale. Ndalemba kuti mwana."

"Nanga aimirira chifukwa chiyani?"

"Aimirira chifukwa ndamugulira diresi." Anakoleka mwendo wa ng'ombe pa ngowe. "Joana, abwera anthu ochokera ku Nsanje, ku Nchalo, ena kutsidya. Ukufuna akanene kuti bambo anga anali chiyani? Wogula thonje wolavula fodya? Munthu aliyense amafunika chinthu chimodzi chabwino pa manda ake."

"Koma si chawo."

"Ndi cha ndani? Ndipo mtsikanayo samva n'komwe. Uwerenga, aimirira, anthu awomba m'manja, akhala pansi. Chimupweteka n'chiyani?"

Anatembenuka n'kuitana kuti wina abweretse beseni. Ndinaona magazi akudontha kuchokera pa ngowe kugwera pa nsapato yawo, iwo osasuntha phazi. Ndinadzuka n'kuchokapo.

Ambuya a Lozaria ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga wa mawa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza.

"Ambuya, zaka zonsezi munakhala chete bwanji?"

"Ndikanalankhula, mwanayo akanakulira kuti? Nyumba inali ya ambuya ako. Munthu sangathamangitse mwana amene mpingo wonse ukuti anamupulumutsa. Bodza lija linawamanga manja. Marita wadya bodzalo, wavala bodzalo, wagona m'nyumba chifukwa cha bodzalo. Ine ndinaliweta dala."

"Simunakwiye?"

"Ndinasiya kuwachapira malaya a tsiku lija. Anawotcha okha." Anataya kamwala. "Ndipo sindinakwere ndege yawo, ngakhale chaka chimene ndinadwala n'kuwonda, iwo n'kumati tsopano wakwanira, bwera."

"Nanga tsopano?"

"Tsopano nyumba ino ndi yanga. Jofesi ali ndi yake, akalamulire kumeneko. Marita palibe angamuchotse."

"Ndiye mawa ndiwerenge bwanji?"

"Woimirira si ine, mwanawe. Kamufunse mwini wake."

Ndinachita manyazi kuti sindinaganize zimenezo ndekha. Tsiku lonse ndakhala ndikukwiyira bambo aakulu chifukwa chomuona Marita ngati chinthu choimika, pomwe inenso sindinamufunse.

Anali kumjigo, akutsuka matumbo. Anamupatsa iye matumbowo chifukwa ndi ntchito imene wina aliyense anaithawa. Ankawafinya ndi zala kuti ndowe zituluke, kenako n'kuwatembenuza ndi kamtengo. Ndinamugwira paphewa ndipo ndinakhala moyang'anana naye, chifukwa Marita amamva ndi maso, poyang'ana milomo. Iye amalankhula mokweza, mawu ake ena osamalizika.

"Wabwera kundithandiza kapena kuonerera, mayi wa sukulu?"

Ndinagwira mbali ina ya thumbo. Ndinamufotokozera pang'onopang'ono za chiganizo chija, ndi za kuimirira.

"Ndikudziwa. Ukuganiza diresi anandigulira chifukwa ndine wokongola?"

"Ukukumbukira tsiku lija?"

"Saka. Linali lofunda ndi lonyowa, chifukwa anayamba kuikamo uyu." Anakweza matumbo m'mwamba, madzi akuyenderera m'mikono. "Ndinkazungulira m'mwamba, ndikuona nthambi. Ndinkaganiza kuti ndiko kukwera ndege kumeneko. Kenako anandilanda bulangete. Kenako phokoso la injini, likuchepa, likuchepa. Ndilo phokoso lalikulu lomaliza limene ndinamva bwino."

Ananena zimenezi akupitiriza kufinya thumbo.

"Amene anakwera ndi uyu. Mawa alowa m'mimba mwa abusa."

Ndinaseka, ngakhale fungo linkandikola pakhosi. Ndinamuuza kuti ngati sakufuna kuimirira, ndingathe kudumpha chiganizocho, palibe angazindikire msanga.

"Ayi. Diresi ndi yabwino, ndivala. Kuimirira ndiimirira. Kuyambira ndili mwana amayi aja amandisisita mutu, pakamwa pawo pakuti mwayi, mwayi. Ndatopa ndi manja awo. Ndikufuna ndione nkhope zawo ndili chiimire."

"Bambo aakulu akwiya."

"Akakalipa ine sindimva. Vuto ndi lako." Anandiwaza madzi. "Koma ukafika pamenepo usayang'ane pepala. Uyang'ane kuno, ndione pakamwa pako. Ndisadzamve kwa ena."

Ndinamuuza kuti tsiku lina, sukulu ikandiyendera, ndikufuna kudzaphunzira za ndege, kuzikonza ndi kuziyendetsa, ndipo ndidzamutenga.

"Pyadidi, zabwino," anatero. "Koma usadzandiike m'saka."

Chakumadzulo, dzuwa litachepa mphamvu, ndinadumpha khonje n'kuyenda bwalo lonse ndekha. Khonjelo lili ndi mipata tsopano, mbuzi zimalowa ndi kutuluka. Pakati pamera zulu zitalizitali zofika m'chiuno, ndipo palibe chidendene chozigumula. Kumtunda kwake amayi ayala mapira pa mikeka, ndipo sayang'ananso kumwamba. Nsungwi ija ikadalipo koma mwendo wa buluku unatha, kwatsala ka chingwe chabe. Ndege ili pansi pa denga la malata kumbali, matayala ataphwa, timapaipi ta mapiko tili poyera ngati nthiti za Pasinjala zimene ndinaziona m'mawa. Pa mpando wakutsogolo pali chitini chawo cholavuliramo, fodya wake atauma n'kusanduka chikhakha chakuda. Pa mpando wakumbuyo nkhuku yaikira mazira. Ndinaweramitsa mutu n'kununkhiza. Sindikudziwa ngati ndi fungo lakale lija kapena la lero.

Pa msangu sikelo aichotsa, aitengera kukhitchini. Patsala mzere pa nthambi pamene chingwe chinadya khungwa, wakuya moti chala chimalowa. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali. Ndinayesa kuwasowa ambuya a Zuze, chifukwa ndi ambuya anga ndipo mawa ndi tsiku lawo. Chimene ndinapeza ndi munthu amene ankayang'ana muvi mwachilungamo moyo wake wonse, ndipo tsiku limodzi limene sikelo sinali ndi ntchito, anaifunsabe.

Ndaganiza chochita. Mawa ndiwerenga mbiri yonse monga anailembera bambo aakulu, osachotsa liwu ngakhale limodzi. Ndinena za thonje, za ng'ombe, za chiphaso, ndipo ndinena bwino, chifukwa zimenezo n'zawodi. Ndikafika pa chiganizo chija ndidikira Marita aimirire ndi diresi yake. Ndidzatsitsa pepala, ndidzatembenukira kwa iye, ndipo ndidzanena pang'onopang'ono, milomo ikuoneka: napulumutsa mwana wa ng'ombe.

Chakudya chidzabwera pambuyo pa mbiri.